Mkamwini mu Ofesi

Minibasi ya ku Kawale inkachedwa kudzaza. Thandie anakhala cha kuwindo, wezulo akadali m'khosi. Fumbi. Kutentha. Kondakitala mawu atasasa kale. Foni inanjenjemera m'thumba. Unali uthenga wa Zaki.

"Wanyamuka?"

"Ndili mudepoti. Ndatopa."

"Bwera udzatopere kuno."

Anamwetulira pang'ono. Kenako anakumbukira nkhani imene ananyamula. Kumwetulira kunatha.

Thandie ankaphunzitsa masewero pa sukulu ya pulaiveti ku Area 25. Mwini sukuluyo anali a Malizani, mlongo wa mayi ake. Ndiwo anamulera bambo ake atamwalira. Lamulo la pasukulupo linali louma. Mwana aliyense akaweruka apite ku bwalo. Mpira wamiyendo, wamanja, kapena kuthamanga. Wozemba sankalemba mayeso. Koma panali kakhomo kamodzi. Mwana wosewera ku kalabu ya kunja ankamasulidwa, bola mphunzitsi wa masewero akaone ndi maso ake kuti kalabuyo ilipodi.

Ndi mmene anadziwirana. Rahima, mtsikana wa Fomu 3, anati amasewera nkhonya ku Kawale. Thandie anapita kukaona. Anapeza shedi ya malata kuseri kwa owotcherera zitsulo. Matumba a mchenga akulendewera. Mwamuna wamtali, woonda, akumumanga mwanayo mabandeji m'manja. Malume wake wa Rahima. Zaki Mwamadi.

Lamulo linkati akaone kamodzi. Iye anapitanso. Anapitabe.

Tsopano a Bwanali a ku Biwi, mjomba wake wa Zaki, mlongo wa mayi ake, ankayenera kukagogoda kwa a Malizani Loweruka masana, kukafunsira mbeta. Zonse zinali m'malo. Mpaka lero.

*

Anamupeza akusesa m'shedi. Ana anali atabalalika. Munkanunkha thukuta ndi dzimbiri.

"Madamu afika," anatero Zaki. "Mwadzayenderanso kalabu?"

"Usandiseketse. Ndilibe mphamvu."

Anakhala pa tayala. Anavula nsapato imodzi.

"Timu yathu ya mpira wamanja yalowa fainolo. Loweruka m'mawa."

"Zabwino zimenezo. Nanga nkhopeyo?"

"Wochinya zigoli wathu wathyoka mkono. Ndiye Trevor wakumbuka kuti Rahima ali Fomu 1 ankachinya ngati makina. Wawauza amalume."

Tsache linaima.

Trevor anali wachiwiri kwa ahedi. Wa tayi ngakhale kutenthe bwanji. Woimbitsa kwaya ku tchalitchi kwa a Malizani. Anamufunsirapo Thandie, anakanidwa, koma makutu ake anali asanamvebe.

"Rahima Loweruka akumenya," anatero Zaki. "Akusankha atsikana oimira chigawo chapakati. Chaka chonse mwana uja wakhala akudzuka kusanache."

"Ukundiuza ine?"

"Nanga chilolezo? Si iwe wemwe unapereka?"

"Amalume akufuna achichotse. Akukuitana mawa ku ofesi. Ngati kholo."

Zaki anatsamira tsache lija. Anayang'ana kudenga.

"Mawa ofesi. Loweruka kunyumba kwawo. Munthu yemweyo."

"Mvetsera." Thandie anamugwira buluku pa bondo. "Ukakalowa muja ndiwe kholo la mwana wa sukulu. Sindiwe mkamwini. Lamulo analemba okha, lili mbali yako. Ukangokana basi."

"Ndikakangane ndi munthu amene akukalandira amjomba?"

"Ndati ukakangane? Ndati ukakane. Mwaulemu. Koma ukakane."

"Iwe bwanji osakana?"

"Ndakana kale. Andiuza kuti ndine wantchito."

Zaki anaseka mopanda chimwemwe. Anagwada, anamuveka nsapato ija, anamanga chingwe ngati akumanga golovesi.

"Ine anthu andimenyapo mpaka kuona nyenyezi masana. Mdala mmodzi sangandiopse."

"Tiona," anatero Thandie.

*

Mu minibasi ya ku 25 Zaki anakonza mawu. Anawayala bwino. Pofika pa geti la sukulu anali atawaloweza.

Ofesi ya a Malizani inali ndi zikho zambiri kuposa mabuku. Makolo akalowamo ankayamba kuona zikho, kenako n'kufunsa malo. A Malizani ankadziwa zimenezo. Anali munthu wonenepa, wolankhula pansipansi. Trevor anaima pa windo, manja kumbuyo.

Pakhomo pomwepo chipewa cha Zaki chinavuka chokha.

"Lowani, bambo Mwamadi. Mpando uwo."

Zaki anauyang'ana mpandowo. Unali wofanana msinkhu ndi wa a Malizani. Anakakhala pa kabenchi ka ana olakwa, cha kukhomo, chipewa pakati pa miyendo.

Trevor anatsokomola kuti abise kuseka.

"Sukulu ino inamumasula mwana wanu," anayamba a Malizani. "Zoona?"

"Zoona, bambo."

"Anzake akupsa ndi dzuwa pa bwalo, iye akupita kwanu. Tinamuvutitsapo?"

"Ayi, bambo."

"Lero tapanikizika. Tikumupempha m'mawa umodzi wokha."

"Bambo, kungoti tsiku lomwelo mwanayo ali ndi..."

"Nkhonya," anatero Trevor. "Mwana wamkazi. Makolo ena akufunsatu. Akuti chilolezo chimenechi chinatuluka mu ofesi, kapena chinatulukira m'shedi? Ine sindinena nawo."

"A Trevor, takhalani chete." A Malizani sanakweze mawu. Anatembenukira kwa Zaki. "Ndamva kuti Loweruka masana kunyumba kwanga kubwera alendo. Ochokera ku Biwi. Kaya ndamva bwino?"

Maso a Zaki anagwa pansi. Simenti yofiira, yopukutidwa. Mkamwini sayang'ana apongozi m'maso. Zimenezi sanaphunzire ku sukulu. Zinali m'mafupa.

"Mwamva bwino, bambo."

"Ndikufuna ndidzawalandire mtima uli m'malo. Munthu akaluza m'mawa, masana makutu amatseka. Mwandimvetsa?"

"Ndamva, bambo."

"Ndiye mwanayo tidzamuona pa bwalo?"

Zaki anafufuza mawu aja a mu minibasi. Panalibe ndi amodzi omwe.

"Eya, bambo."

"Mwaleredwa bwino," anatero a Malizani.

Zaki anatuluka chafutambuyo. Pakhonde anapeza Thandie atatsamira khoma, mpira m'khwapa. Windo la ofesi linali lotsegula.

"Eya bambo," anatero Thandie chapansipansi. "Ayi bambo. Eya bambo."

"Thandie, ndachitira ife."

"Ife? Rahima ali pati mu ife ameneyo?"

Belu linalira. Ana anakhuthuka m'makalasi. Thandie anaika wezulo pakamwa, anamufulatira.

*

Ku Biwi nkhani inafika Zaki asanafike. Nafisa, mchemwali wake wamkulu, mayi ake a Rahima, anali pakhonde akupinda zitenje zogulitsa. Sanamupatse mpando. Rahima anali pa mpopi akuchapa mabandeji. Sanatembenuke.

"Achemwali, mwaswera?"

"Taswera. Akamwini a ku 25 aswera?"

"Musayambe."

"Ndiyambe ine? Iwe ndi amene unabwera pano. Mlamu wako anakana, akuti mwana wamkazi nkhonya ayi. Azimayi a ku madrasa anandinena mpaka ndinasiya kudutsa njira ya ku msika. Iwe uli, achemwali, mwanayu ali ndi dzanja, ndisiyireni. Ndinakusiyira. Lero wamupereka ngati nkhuku ya alendo."

"Mpikisano udzabweranso chaka chamawa."

"Chaka chamawa ali Fomu 4. Bambo ake ananena kale, Fomu 4 ndi mabuku okha. Unalipo."

Zaki analipodi. Anakhala pa njerwa.

"Nanga ndikanatani? Munthu akundiuza za Loweruka."

"Ukanamuuza kuti za Loweruka akambe ndi amjomba. Ankhoswe ntchito yawo n'chiyani? Iwe unapita ngati malume wa mwana. Wabwerako uli mwana wa eni." Nafisa anakutumula chitenje mwamphamvu. "Asanakupatse n'komwe mkaziyo wayamba kale kuwalimira. Akadzakupatsa udzasenza nyumba?"

Madzi pa mpopi anasiya kulira. Rahima anafinya mabandeji, anawayanika pa waya, limodzilimodzi. Anabwera kudzaima patsogolo pa Zaki. Anali atamupitirira mayi ake msinkhu.

"Ankolo, mawa ndibwere ku shedi?"

"Ubwere."

"Kudzatani?"

Sanadikire yankho. Analowa m'nyumba. Chitseko sanachimenyetse. Bola akanamenyetsa.

*

Lachinayi lonse Thandie sanayankhe foni. Zaki analemba, anafufuta, analembanso.

"Wadya?"

Zii.

"Amjomba agula kale nsapato zatsopano za Loweruka. Zikuwathina."

Zii.

"Ndikudziwa ndalakwa. Koma ndikanakana, ukanakhala wa ndani?"

Yankho linabwera dzuwa litapendeka.

"Ndikanakhala wa munthu amene ndinamupeza m'shedi. Uja wa pa kabenchi sindimudziwa."

Zaki anaika foni chafufumimba pa benchi. Anamenya thumba la mchenga mpaka mapewa anachita dzanzi.

Nthawi yomweyo Thandie anali pa siteji ya ku 25, akudikira minibasi. Kagalimoto koyera kanaima pafupi. Galasi linatsika.

"Madamu, fumbi lonseli? Kwerani."

"Zikomo a Trevor. Ndazolowera."

"Mlamu wathu ndi wofatsa, eti? Ine ndimaganiza kuti anthu a nkhonya ndi olimba."

"Mwana uja wakulakwirani chiyani?"

"Ine? Ndikungotsata lamulo. Mwana aliyense asewere za pasukulu."

"Lamulo lomwelo limamumasula."

"Likamasuliridwa ndi munthu wopanda mbali." Trevor anakonza tayi pa kagalasi. "Thandie, ndikufunse ngati mnzako. Ukwati wake mukadalitsira kuti? Ana adzapemphera Lachisanu kapena Lamulungu? Mwakambirana, kapena mukungomenya matumba?"

"Minibasi yanga iyo."

Sinali yake. Inkapita ku Mgona. Anakwerabe.

*

Loweruka kunacha ndi mphepo. Bwalo la sukulu linali lothiridwa laimu watsopano. Makolo pansi pa tenti. A Malizani pakati, suti yakuda, chikho patebulo pambali pawo. Ana akuimba nyimbo zonyoza timu ya alendo.

Thandie anasonkhanitsa atsikana ake kuseri kwa kalasi. Rahima anabwera pomalizira. Yunifolomu ya wothyoka mkono uja inamufupikira. Anavala buluku la masewero mkati, mpango kumutu. Sanadandaule. Anaponya mipira yoyeserera, yonse inalowa. Nkhope ngati khoma.

Thandie anamuyang'ana m'manja. Zala zinkakunga chibakera n'kumasuka zokha.

"Rahima. Tabwera."

Anapita naye kuseri kwa thanki ya madzi.

"Ku holo akuyamba nthawi yanji?"

"Akuyeza sikelo pano, madamu. Atsikana amenya masana."

"Zovala zako zili kuti?"

Rahima anazengereza.

"M'chikwama. Ndinangonyamula. Sindikudziwa chifukwa chake."

"Katenge. Udutse geti laling'ono."

"Madamu, akuchotsani ntchito."

"Chilolezo chako ndinapereka ndine. Sindinachichotse. Amene anavomera zina si mphunzitsi wa masewero. Thamanga."

Pa geti laling'ono panali anyamata a njinga zamoto. Thandie anakodola mmodzi. Rahima anakwera, chikwama pamsana. Asananyamuke anagwira dzanja la Thandie, mwamphamvu mpaka kuwawa. Njinga inalowa m'fumbi.

Thandie atatembenuka, Trevor anali pa kona ya kalasi. Foni ili kale kukhutu.

Mpira unayamba. Thandie anaika kamtsikana ka Fomu 2 kutsogolo. Kanayesetsa. Kanalira pa hafu. Alendo anapambana mosavuta, ananyamula chikho pamaso pa makolo onse. A Malizani anaombera m'manja ngati mwini malo waulemu. Podutsa pafupi ndi Thandie sanaime.

"Wandiveka bwino, mwana wa mlongo wanga," anatero, maso kutsogolo.

*

Holo ya ku Kawale inali yodzaza ndi phokoso. Thandie anafika nkhonya za atsikana zitayamba. Anaima kumbuyo, pafupi ndi amayi ogulitsa mafilizesi.

Rahima anali m'zingwe. Mnzakeyo anali wamfupi, wojintcha, wa ku Dedza. Ankalowa ngati ng'ombe. Rahima ankabwerera, dzanja lamanzere likugogoda, likugogoda. Pa kona Zaki anali atagwada, thaulo paphewa, akukuwa mpaka mitsempha ya m'khosi kuonekera. Nafisa anali kutsogolo, ataphimba maso ndi mpango, akusuzumira.

Belu lomaliza. Kudikira. Woweruza anakweza dzanja la Rahima.

Nafisa analuluta. Thandie anangokhala pansi pa sitepe.

Zaki anamupeza panja, pa mthunzi wa khoma. Anaima patali pang'ono, thaulo m'manja.

"Atafika pa njinga ndinaganiza kuti wathawa yekha."

"Sanathawe. Ndinamutumiza."

"Ndamva." Anakhala pambali pake. "Mwaluza?"

"Kwambiri."

"Thandie, ntchito imene inali yanga wagwira ndiwe."

"Ndikudziwa."

"Sundikhululukira?"

"Ndatopa, Zaki. Kukwiya kumafuna mphamvu." Anatsamiritsa mutu paphewa lake. Linali lonyowa ndi thukuta. Sanauchotse. "Amjomba apita?"

"Apita. Ndinawauza adikire tsiku lina. Akuti munthu ukapangana tsiku sutembenuka, ngakhale kugwe matalala."

"Ndiye tidikire."

Anadikira. Anthu ankatuluka m'holo. Rahima anadutsa atanyamulidwa ndi anzake, diso limodzi litatupa, akuseka ngati mwana wamng'ono.

A Bwanali anatulukira dzuwa litafiira. Mkanjo woyera, chisoti, nsapato zatsopano m'manja. Ankayenda ndi masokosi. Thandie anadzuka msanga, anagwada. Iwo anamuyankha moni bwinobwino, kenako anadzigwetsa pa sitepe.

"Madzi," anatero.

Zaki anawapatsa botolo la pa kona. Anamwa lonse.

"Amjomba, akubwezani pa geti?"

"Ayi. Munthu uja ndi wochenjera. Watsegula yekha geti. Mipando, tiyi, buledi wopaka. Ine ndayala mawu athu. Ndati taona msoti pakhomo pano, tabwera kudzafunsa ngati uli ndi mwini."

"Ndiye?"

"Ndiye akuti, mwachita bwino kubwera, koma mwapeza anzanu. Ndikayang'ana pa sofa winayo, pali madala awiri a majekete. Ine ndimayesa ndi a mpingo. Akuti awa ndi amalume a Trevor. Afika dzuwa lili pamutu. Msoti wake womwewo."

Zaki anaimirira. Anakhalanso.

"Mpira utangotha," anatero Thandie. "Anali atawakonzeratu."

"Kaya. Ine ndaona majekete basi." A Bwanali anasisita chala chaphazi. "Akuti iwo satha kugawa msoti umodzi pawiri. Akuti mwana wake masiku ano akumadzilamula, ndiye abwere adzaloze yekha. Mawa akaweruka ku tchalitchi. Ife tikhalepo, a majekete akhalepo."

"Ndiye palibe vuto," anatero Zaki. "Akaloza. Thandie, si ukaloza?"

"Sindinamalize, iwe. Akuti aloze pamaso pa mayi ake. Atuma kale galimoto ku Chinsapo kukawatenga. Akuti mlongo wawo adzaone yekha alendo onse, kavalidwe kawo ndi mayina awo." A Bwanali anayang'ana mkanjo wawo, kenako Thandie. "Mawu amenewo anawabwereza. Ine sindinamvetse. Mayi anu sakutidziwa, mama?"

Thandie ankayang'ana nyerere zikukoka kachidutswa ka mandasi.

"Thandie," anatero Zaki. "Unati unawauza."

"Ndinawauza."

"Unawauza chiyani?"

"Kuti ndiwe wamtali. Kuti sumwa mowa. Kuti umaphunzitsa ana masewero."

"Basi?"

"Amayi amadwala mtima, Zaki. Ndi a chigwirizano. Ndimadikira nthawi yabwino."

"Dzina langa akulidziwa?"

Thandie anapukuta nkhope ndi manja onse awiri. Mawu anatuluka ang'onoang'ono.

"Akudziwa kuti ndiwe Zakeyu. Wa mpingo wa ku Biwi."

A Bwanali anasiya kusisita chala. Anayang'ana Zaki.

"Ndiye mawa," anafunsa, "ine ndikakhale mjomba wa ndani?"